Mbaula ya roketi yowotcherera: kodi ingatithandize pa vuto la nkhuni?

Alimi anzanga, nkhuni zavuta. M'madera ambiri amayi ndi atsikana akumalawira m'mamawa kukafuna nkhuni n'kubwerako dzuwa lili pamutu. Ena analeka n'kupita komwe, akungophikira mapesi ndi zitsononkho. Mapesi amene tikusonkhezera motowa ndi omwe aja timakulangizani kuti muziphimbira nthaka kapena kupangira manyowa. Choncho vuto la kukhitchini lafika kumunda.

Masiku ano anyamata owotcherera zitsulo m'misika ayamba kupanga mbaula za paipi yopindika zotchedwa roketi, ena atangoziona pa Facebook kapena pa WhatsApp. Alimi ambiri akufunsa ngati mbaulazi zimapulumutsadi nkhuni. Yankho ndi lakuti zimatero, koma pokhapokha zitapangidwa ndi miyezo yoyenera. Zambiri zomwe zikugulitsidwa sizikutsata miyezoyi.

Chifukwa chake nkhaniyi yakula tsopano

Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Mu 2017 Boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaka khumi yothana ndi vuto la makala, yotchedwa National Charcoal Strategy, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linakonzedwanso n'kukhwimitsa zilango kwa owotcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo. Panalinso cholinga chofikitsa mbaula zamakono 2 miliyoni m'makomo pofika 2020, ndipo ndi nthawi imeneyo pomwe Chitetezo Mbaula inafala m'midzi.

Komabe mitengo ikuthabe m'nkhalango monga Dzalanyama ndi Zomba-Malosa. Zotsatira zake tinaziona. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Kenako mu Novembala 2023 Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zomwe zinakweza mtengo wa gasi wophikira, komanso wa zitsulo zomwe.

Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: kumudzi tipitirizabe kuphikira nkhuni kwa zaka zambiri, choncho nzeru ndi kuchepetsa nkhuni zomwe tikuwotcha. Koma popeza chitsulo chadula, musalipire mbaula yopangidwa mwachisawawa.

Momwe mbaula ya roketi imagwirira ntchito

Mbaulayi inayambitsidwa ndi Dr Larry Winiarski wa ku Aprovecho Research Center ku Oregon, m'dziko la America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kuno kwathu si yachilendo. Mbaula zikuluzikulu zophikira phala m'masukulu ambiri ndi za mtundu umenewu, ndipo Changu Changu Moto, yomwe bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay, ndi roketi yomanga ndi njerwa ndi dothi.

Pamafuwa moto umamwazikana, mphepo imauuluza, ndipo kutentha kwambiri kumapita kumbali. Utsi womwe umakulizani m'maso ndi nkhuni zomwe sizinapse. Mu roketi mumangoyaka nsonga za nkhuni, m'kachipinda kakang'ono kotentha kwambiri. Pamwamba pa motowo pali chumuni chachifupi chomwe chimakoka mpweya kuchokera pansi. Utsi ukamakwera m'chumunimo umasakanikirana ndi mpweya wotentha n'kuyaka usanafike pa poto. Mkokomo womwe mumaumva ndi wa mpweya wothamangawo, ndipo ndiko kunachokera dzina lakuti roketi.

Ndiye pali ntchito ziwiri: kuwotcha nkhuni mokwanira, ndi kulowetsa kutenthako mu poto. Ntchito yachiwiriyi ndiyo imapulumutsa nkhuni zambiri, koma ndiyo opanga ambiri amaiwala.

Miyezo yoti mumupatse wowotcherera

Miyezo iyi ndi ya mbaula ya pabanja, yophikira poto wa malita 5 mpaka 10.

Paipi: Gwiritsani ntchito paipi yachitsulo chakuda ya makona anayi, masentimita 10 mbali iliyonse, yochindikala mamilimita osachepera 3. Iwotchereredwe ngati chilembo cha L.

Polowera nkhuni: Mbali yogona ikhale yotalika masentimita pafupifupi 20.

Chumuni: Mbali yoimirira ikhale masentimita pafupifupi 30 pamwamba pa moto, kutanthauza katatu kukula kwa kamwa la paipi. Chikafupika, utsi umatuluka usanapse. Chikatalika kwambiri, chimakoka mpweya wozizira wochuluka ndipo poto amatalikirana ndi moto.

Kashelefu ka nkhuni: M'mbali yogonayo muikidwe kachitsulo kafulati kosiya mpata wa masentimita pafupifupi 3 pansi pake. Nkhuni zimakhala pamwamba, mpweya umadutsa pansi n'kukalowa m'makala oyaka. Kashelefuka kathere pomwe chumuni chayambira, ndipo kakhale kochotseka kuti muzitha kuwola phulusa.

Chikuto chakunja: Paipi yonse ikhale mkati mwa chitini kapena bokosi la lata, kusiya mpata wa masentimita 5 mbali zonse. Mumpatamo mudzaze phulusa louma losefa, pamwamba n'kutsekapo ndi chitsulo kuti lisanyowe.

Pokhalira poto: Tizitsulo titatu tokweza poto masentimita 2.5 pamwamba pa kamwa la chumuni. Muyezowu sunangobwera. Kamwa la paipi ndi 10 kuchulukitsa ndi 10, zomwe ndi 100, ndipo kuzungulira kwake ndi masentimita 40. Tikagawa 100 ndi 40 tipeza 2.5. Apa ndiye kuti mpata wotulukira moto ukufanana ndi mpata wolowera mpweya. Poto akatsika kwambiri moto umatsamwa n'kubwerera kukamwa. Akakwera kwambiri kutentha kumathawa.

Miyendo: Ikhale yotayana bwino. Kumbukirani kuti pambaulayi pazivundulidwa nsima. Mbaula yopapatiza imagwedera ndi mthiko ndipo ikhoza kukhuthulira phala lotentha pa mwana.

Zolakwika zomwe zafala ndi kakonzedwe kake

Cholakwika chachikulu ndi paipi yopanda chikuto. Imaoneka bwino, imalilima, koma chitsulocho chimataya kutentha mbali zonse, ndipo chimawotcha aliyense wochikhudza. Ngati munagula kale yotere musaitaye. Pezani chitini cha malita 20, chibooleni, lowetsani paipi, n'kuthiramo phulusa.

Musathiremo mchenga kapena dothi. Zinthu zolemera zimamwa kutentha m'malo mokusunga m'chumuni, ndiye madzi amachedwa kuwira. Chofunika ndi chinthu chopepuka, chokhala ndi timipata ta mpweya, chosayaka. Phulusa la nkhuni kapena la mankhusu a mpunga ndi labwino ndipo ndi laulere. Limatsendereka pakapita nthawi, choncho muzionjezera.

Chachiwiri ndi kusowa kwa chilata chozinga poto, chomwe ena amachitcha siketi. Ichi ndi chilata chokulungidwa mozungulira poto, chosiya mpata wa sentimita imodzi. Chimakakamiza mpweya wotentha kukhula m'mbali mwa poto m'malo mongomwazika. Pophikira panja chimatchinganso mphepo. N'chotsika mtengo kuposa china chilichonse pambaulayi koma phindu lake ndi lalikulu. Chipangidwe choti muzitha kuchikulitsa kapena kuchichepetsa malinga ndi poto.

Chachitatu ndi kutha kwa chitsulo. Mbaula yokutidwa bwino imatentha kwambiri moti paipi imayamba kusuwa n'kubooka, makamaka pa ngodya. Izi sizipeweka, n'chifukwa chake tikuti paipi isachepere mamilimita 3. Muuzeni wowotcherera amange chivundikiro chapamwamba ndi mabawuti kuti paipi ikatha musinthe yokhayo. Njira ina ndi kumanga kachipinda ka moto ndi njerwa zopepuka, zoumba ndi dothi losakaniza ndi utuchi n'kuwotcha, chitsulo n'kungokhala chikuto chakunja.

Ena amapendeketsa polowera nkhuni kuti zizitsetsereka zokha zikamapsa. Zimathandiza pophika nyemba, koma pamafunika khomo lina la mpweya pansi, apo ayi moto umakwera m'nkhuni n'kutulukira kukamwa. Yambani ndi ya L, muidziwe bwino, musanayese zimenezi.

Chenjezo

Musagwiritse ntchito paipi yonyezimira ya madzi kapena malata ofolera nyumba pamalo okhudzana ndi moto. Zitsulozi zinakutidwa ndi zinki, yemwe akatentha amatulutsa utsi wodwalitsa wowotcherera ndi wophika yemwe.

Musadule kapena kuwotcherera silinda ya gasi ngakhale mgolo womwe munali petulo. Ngakhale ukuoneka wopanda kanthu, ukhoza kuphulika. Zitini zomwe munali mankhwala a mbewu kapena a ziweto musazigwiritse ntchito konse.

Ngati chitsulo chili ndi penti, yatsani mbaula panja popanda chakudya mpaka penti yonse itapsa.

Phikirani panja kapena pachisakasa chodutsa mphepo. Roketi imachepetsa utsi koma siyithetsa wonse, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse. Mukamaliza kuphika, ikani mbaula pamalo osavumbwa chifukwa phulusa lonyowa limadyetsa chitsulo dzimbiri.

Yesani nokha musanakhulupirire

Musangomva za wogulitsa. Mangani mitolo iwiri ya nkhuni zouma za mtengo umodzi, yolemera mofanana pa sikelo. Thirani malita 5 a madzi mu poto, vundikirani, wiritsani pamafuwa, ndipo lembani mphindi zomwe zatha ndi kulemera kwa nkhuni zotsala. Chitaninso chimodzimodzi pa roketi ndi poto yemweyo, mbaula itazizira. Bwerezani katatu. Mukafuna kukonza china, sinthani chinthu chimodzi chokha, monga kuika siketi, n'kuyesanso. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chomwe chathandiza.

Moto wabwino umalilima ndipo utsi suoneka pakatha mphindi zochepa. Utsi wakuda ukutanthauza kuti mwadzaza nkhuni zambiri kapena phulusa latseka njira ya mpweya. Utsi woyera ukutanthauza kuti nkhuni n'zaziwisi. Nkhuni zitatu kapena zinayi zonenepa ngati chala chachikulu n'zokwanira. Zakudya zikawira, chotsaniko zina kuti ziziwira pang'onopang'ono.

Kodi ndi ya aliyense?

Ayi. Mbaulayi ili ndi zovuta zake. Imafuna nkhuni zowaza, imafuna munthu pafupi wokankhira nkhuni, imaphika poto mmodzi, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi simungawothe moto wake. Ngati mayi wophika sanafunsidwe, mbaula idzangokhala kuseri kwa nyumba, iye n'kubwerera pamafuwa. Abambo, musanapite kwa wowotcherera, kambiranani ndi amene aziphikapo, ndipo mutenge poto wake kuti miyezo itengedwe pa iye.

Pabanja lomwe ndalama n'zovuta, Chitetezo Mbaula kapena roketi ya njerwa ndi dothi ndiyo yoyenera chifukwa zipangizo zake zili pakhomo pomwepo. Yachitsulo imapindulitsa amene amaphika kwambiri ndipo amafuna kuinyamula: ophikira aganyu kumunda kapena kudimba, ogulitsa mandasi, tchipisi ndi chimanga chophika, sukulu za mkombaphala, ndi magulu okazinga soya wa chakudya cha ziweto. Kalabu ikhoza kusonkha n'kupangitsa imodzi yaikulu yomabwereketsa pa maliro ndi pa ukwati. Pa miphika ikuluikulu paipi iyenera kukula, ndipo miyezo ina yonse ikule molingana.

Nkhuni zichokere m'munda mwanu

Ubwino waukulu wa roketi kwa mlimi ndi wakuti imakonda timitengo ting'onoting'ono. Mitengo ya nandolo mukakolola, nthambi zosadza za gliricidia ndi kesha, nsungwi zouma, zonsezi zimayaka bwino popanda kugwetsa mtengo. Nandolo amakupatsani ndiwo, amaonjezera chonde m'nthaka, n'kukupatsaninso nkhuni. Mukatero mapesi amatsala m'munda kuti agwire ntchito yake. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, choncho konzekeranitu mbande za m'malire a munda.

Kwa inu alimi otsogolera anzanu: pezani wowotcherera mmodzi wa m'dera lanu, mupatseni miyezo ili pamwambayi, ndipo apange mbaula imodzi yokha. Pa tsiku lachionetsero ikani mafuwa, Chitetezo Mbaula ndi roketi pamzere umodzi, amayi aphike nsima ndi ndiwo pa zonse zitatu, nkhuni zipimidwe anthu akuona. Lembani zotsatira ndipo muzipereke kwa alangizi a m'dera lanu kuti midzi ina isankhe ikudziwa.