Kangaude Nambala 16 ndi Biology ya pabolodi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, pepani ndakhala chete nthawi yaitali. Kuchonga mayeso kunandipanikiza. Lero ndabwera ndi nkhani ya kangaude, musaseke.

Sabata yatha ndinafunsa ana a Fomu 2 kuti kangaude amakhala ndi moyo zaka zingati. Kalasi yonse inangoti zii. Koma zoti ali ndi miyendo 8 ndi zigawo ziwiri za thupi amazitchula ngati nyimbo. Mlandu si wawo ayi. Ndine ndinawalembera zimenezo pabolodi, ndipo sindinawatulutsepo panja kuti akaone kangaude weniweni.

Chinandifunsitsa ndi nkhani ya ku Australia yomwe ndinawerenga pa intaneti. Kumeneko kuli akangaude a banja la Idiopidae amene satchera ukonde ngati a m'nyumba mwathu. Iwo amakumba una pansi, n'kuumata ndi ulusi m'kati, kenako amapanga kachitseko ka dothi ndi ulusi kotseka pakhomo. Kachitsekoko kamafanana ndi nthaka moti mutha kukaponda osadziwa. Usiku kangaude amakhala kuseri kwake kumvetsera kugwedezeka kwa nthaka. Chiswe kapena nyerere ikangoyandikira, amatulukira mwadzidzidzi, kuigwira, n'kubwerera.

Thupi lake linapangidwira moyo umenewu. Pakamwa pake pali timinga tolimba tokumbira dothi. Mano ake awiri aululu amaloza pansi ndipo amatema ngati khasu, pamene a kangaude wa m'nyumba amapana chopingasa. Mapapo ali nawo anayi. Mitundu ina, monga Idiosoma ya ku Australia komweko ndi Galeosoma ya kuno kum'mwera kwa Africa, ili ndi mimba ya khungu lolimba yomwe imatsekera una mdani akalowa. Wamwamuna akakhwima amasiya una wake kukafuna wamkazi, ndipo sakhalitsa, amafa. Wamkazi sasamuka. Amangokulitsa una womwewo, n'kumafundula khungu ngakhale atakula kale.

Mu 1974 mayi wina wasayansi, Barbara York Main, anayamba kuzika zikhomo za manambala pafupi ndi mauna a akangaude a mtundu wa Gaius villosus m'nkhalango ya North Bungulla, kufupi ndi tauni ya Tammin ku Western Australia. Kamwana kena kanalandira nambala 16. Mayiyu ankapitako chaka ndi chaka kukaona ngati kali moyo. Mu October 2016 wofufuza wina, Leanda Mason, anapeza chitseko cha Nambala 16 chitabooledwa ndi mavu aja amene mphutsi zake zimadya akangaude. Anafa ali ndi zaka 43, kuposa kangaude wina aliyense amene zaka zake zinalembedwapo. Zaka zimenezi n'zoyandikana ndi zanga, ndipo zonsezo anathera mu una umodzi! Mayi Main nawo anamwalira mu 2019.

Chimene chikundivutitsa maganizo ndi zipangizo zomwe zinatulukira zonsezi: zikhomo, kope, ndi kubwerera pamalo amodzi osatopa. Ife mu stafurumu timakonda kudandaula kuti tilibe labu, tilibe mankhwala, tilibe maikulosikopu. Ndi zoona, inenso ndadandaulapo kambirimbiri. Koma kodi chikhomo nachonso tikudikira kuti atigulire?

Ndikudziwa zimene muyankhe. Silabasi ndi yaitali, kalasi ndi yodzaza, ndipo makolo amafuna mapointi a MSCE, osati nkhani za mauna. Sindikutsutsa. Komabe ine ndaona kuti mwana amene anaonapo chinthu ndi maso ake saiwala msanga, pamene woloweza amaiwala akangotuluka m'chipinda cha mayeso. Ena mwa inu ana anga muli ku makoleji tsopano. Tandiuzani moona, za arthropods zija mukukumbukirapo chiyani?

Choncho teremu ikubwerayi ndiyesa izi. Gulu lililonse la ana asanu a Fomu 1 lipatsidwa chikhomo cha nambala ndi kamalo kake kuseri kwa bwalo la mpira, komwe sitilima. Kaya apezapo chulu, kaya una, kaya ukonde wa kangaude, azilemba zimene aona Lachisanu lililonse mpaka adzafike Fomu 4. Mphindi 15 zokha. Lamulo ndi limodzi: chala sichilowa mu una, chifukwa zinkhanira ndi njoka nazo zimakhala momwemo. Ahedi ndawauza kale, angondipempha kuti ndilankhule ndi alonda asazule zikhomozo n'kukolezera moto.