ZA PAKHOMO: Bafa la Kumayadi ndi Maondo a Okalamba

M'caka ca 1996, pamene boma la Mtsogoleri Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo ndi za boma zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo, mabanja ambiri anasanduka eni nyumba kwa nthawi yoyamba. Sipanapite nthawi yaitali, anchito a m'migodi naonso anagula nyumba za ZCCM. Amene anagula nyumba za kumayadi, monga ku Woodlands ndi Northmead mu Lusaka kapena ku Kalongwezi mu Chipata, ambiri a iwo anapezamo cinthu cimene cinali ca ulemu pa masiku amenewo, ndico bafa lalitali la citsulo, loyera mbee, limene munthu amagonamo posamba. Munthu amene anagula nyumba yotere ali ndi zaka 45, lero wapyola zaka 70. Nyumba ikali yake, bafa likali pamalo pake, koma maondo sali monga kale.

Mlomo wa bafa lotere umatalika pafupifupi masentimita 50 kucokera pansi. Kwa mnyamata cimeneci si kanthu. Koma nkhalamba iyenera kuimirira ndi mwendo umodzi, kukweza winawo kufikira pa bondo, ndi kuuponda pa citsulo conyowa cimene cili ndi sopo. Kulowa kuliko bwino; bvuto lalikulu ndi kudzuka ndi kuturuka, pamene thupi lafooka ndi madzi otentha ndipo mutu ucita cizungulire. Bungwe la World Health Organization linalengeza m'caka ca 2021 kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa caka ciri conse kaamba ka kugwa, ndi kuti ocuruka mwa iwo ndi a zaka zopitirira 60. Fupa la m'ciuno likathyoka pa msinkhu umenewu, ambiri sabwereranso ku mayendedwe ao akale, ndipo kugona nthawi yaitali pa kama kumaitana zironda ndi cibayo. Cina cimene okalamba sanena ndi manyazi. Atate amene analera ana asanu ndi awiri sangakonde kuitana mwana wao wamkazi kapena mpongozi kuti adzawadzutse ali osabvala. Ambiri amangosankha kusamba mwa apo ndi apo, ndipo ana amadabwa osadziwa cifukwa cake.

Pa cifukwa ici mabanja ena ayamba kucotsa bafa ndi kumanga shawa yopanda mlomo, imene munthu amangolowamo ndi mapazi monga alowera m'cipinda. Kunena zoona, nzeru imeneyi si yacilendo. Bafa la udzu la kumudzi, lokhala ndi miyala pansi ndi mwala waukulu wokhalapo, silinafunepo kuti agogo akwere kanthu. Koma m'nyumba ya njerwa nchito iyi iri ndi malamulo ake, ndipo amisiri ambiri amene amati adziwa zonse amaiononga.

Coyamba ndi njira ya madzi. Paipi yocotsa madzi m'bafa kawirikawiri imakhala pamwamba pa simenti, yobisika kunsi kwa bafalo. Ya shawa iyenera kukhala m'kati mwa simenti, motero pansi payenera kuswedwa ndi kukumbidwa kufikira kunja kwa cipupa. Paipi ikhale ya mamilimita 40 kapena 50, ndipo ikhale ndi kokhota kamene kamasunga madzi pang'ono, pakuti madzi amenewo ndiwo amatsekereza fungo la ku ngalande ndi mphemvu. Pansi patsetsereke kulinga ku dzenje, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iri yonse. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mmisiri akapendeketsa simenti molakwika, khwawa lake lidzakhala khomo la kucipinda cogona. Mwini nyumba asalipire ndalama zotsiriza asanathire ndowa ya madzi pansi ndi kuona ndi maso ake kumene athamangira. Okhala m'nyumba zosanja za pamwamba asalole munthu kuswa simenti ya pansi pao, cifukwa imeneyo ndiyo denga la mnansi wao ndipo muli zitsulo zogwira nyumba. Iwo ayenera kuyamba apempha cilolezo, ndipo nthawi zambiri adzafunika kukweza pansi pa shawa pang'ono m'malo mokumba.

Caciwiri ndi cinyontho. Matailosi pa okha satsekereza madzi, popeza madzi amalowa m'mipata ya pakati pao. Bafa likacotsedwa, kumbuyo kwake kumapezeka cipupa ca njerwa kapena pulasitala wamba. Pamenepo ndi pansi ponse payenera kupakidwa mankhwala otsekereza madzi, kawiri kapena katatu, kukwera m'cipupa kufikira mamita 1.8, matailosi asanaikidwe. Akauma, dzenje litsekedwe, pathiridwe madzi, akhale maola 24 kuti aoneke ngati acepa. Mmisiri wofulumira adzati zimenezi ndi kutaya nthawi. Iye adzakhala atapita kale pamene penti ya m'cipinda coyandikana iyamba kutukumuka ndipo zobvala za m'kabati ziyamba kununkha nkhungu. Ndiponso pamene cipupa ciri cotsegula, ndiyo nthawi yosintha mapaipi akale a citsulo, amene m'nyumba za zaka 50 kapena 60 amakhala atadzala dzimbiri m'kati.

Pamalo pamene panali bafa pamakhala masentimita 170 m'litali ndi 70 m'lifupi. M'litali mokwanira, koma 70 ndi wocepa kwa munthu wofuna kutembenuka kapena wosambitsidwa ndi wina. Ngati cipinda cilola, afikitse pa 90, ndipo polowera pakhalenso potakata kuti njinga ya olemala ipite. Matailosi a pansi akhale okhakhala, osati onyezimira aja amene amakongola m'sitolo. Ang'onoang'ono ali bwino koposa, cifukwa mipata yao yambiri imagwira phazi. Pakhale zitsulo zogwirira zokhomedwa ndi mabauti m'njerwa, kutalika pafupifupi masentimita 90 kucokera pansi. Kacitsulo kopacikapo thaulo sikanapangidwe kuti kanyamule munthu wa makilogalamu 80, ndipo kamazuka pa nthawi yeniyeni imene kafunika. Pakhalenso pokhala, pa msinkhu wa mpando wamba, ndi shawa ya paipi yofewa imene munthu angagwire m'manja ali cikhalire. Citseko ca galasi wamba ndi coopsya. Ngati ndalama za galasi lolimbitsidwa palibe, nsaru ya pulasitiki ikwanira.

Pali zina ziwiri zimene eni nyumba amazindikira mocedwa. Bafa limadzala ngakhale madzi abwere pang'onopang'ono, koma shawa ifuna mphamvu. Thanki ikakwera mamita 10 ndi pamene ipatsa mphamvu imene amisiri amaicha 1 bar; thanki ya m'denga imene iri mamita awiri okha pamwamba pa mutu wa shawa idzangodontheza. Cinanso, mzinda wa Lusaka unamangidwa pa miyala ya njereza, ndipo madzi a m'zitsime zakuya ali ndi njereza yambiri imene imatseka timabowo ta shawa. Mutu wa shawa uyenera kumasulidwa nthawi ndi nthawi ndi kubviikidwa usiku wonse mu viniga. Kunena za giza, madzi a madigiri 60 amaocha khungu m'kamphindi kocepa, ndipo odwala matenda a shuga nthawi zina samva kutentha m'mapazi. Madzi ayambe ayesedwa ndi dzanja munthu asanaimirire kunsi kwao.

Anthu ambiri amati shawa ipulumutsa madzi, ndipo ndi zoona ngati wosambayo ali ndi mwambo. Kusamba m'bafa kumatha malita pafupifupi 80. Shawa yoturutsa malita 8 pa mphindi imatha 40 m'mphindi zisanu, koma mtsikana woimba nyimbo kwa mphindi khumi wafanana kale ndi bafa. Ndowa ya malita 20 ndi kapu zimaposa zonse ziwiri, ndipo ubwino wina wa shawa yopanda mlomo ndi wakuti ndowa imaikidwamo mosabvuta tsiku limene pompi yauma.

Komabe pali mau amene amai a m'nyumba amanena, ndipo sayenera kunyozedwa. M'nyumba zambiri bafa linaleka kale kukhala losambiramo; ndilo nkhokwe ya madzi. Madzi akabwera pakati pa usiku, amai amadzuka ndi kulidzaza, ndipo malita oposa 150 amenewo ndiwo ocapira, otsukira ndi othira m'cimbudzi tsiku lonse. M'caka ca 2024, pamene Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza m'mwezi wa February kuti cirala casanduka tsoka la dziko lonse, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kubwera maola ocepa okha pa tsiku, ndipo makina opopa madzi anali kuima pamodzi nao. Mabanja amene anali ndi bafa anali ndi pogwira. M'bafa momwemo ndimo mumabviikidwa mabulangete ndi kusambitsidwa adzukulu. Cotero mwamuna amene aitana mmisiri osayamba wafunsa mkazi wake, wacotsa ciwiya ca mwini wake. Yankho lake ndi lakuti pa ndalama za nchitoyi pawerengedwenso mgolo wa malita 200 wokhala ndi cibvundikiro, kapena thanki ya panja, ndi beseni lalikulu locapiramo. Mgolo wobvundikira uposanso bafa, pakuti mwana wokwawa angathe kumira m'madzi ocepa kwambiri, ndipo madzi osabvundikira amalowa zonyansa. Nyumba imene iri ndi zipinda ziwiri zosambiramo isabvutike: cimodzi cisinthidwe, cina cisiyidwe.

Nthawi yabwino ya nchitoyi ndi pamene okalamba akali ndi mphamvu, asanagwe, ndiponso m'cirimwe, pamene simenti iuma bwino ndipo banja lingathe kusambira panja masiku angapo. Ana amene ali pa nchito mu Lusaka kapena kunja kwa dziko, potumiza ndalama, atumizenso munthu wokhulupirika woyang'anira mmisiri, ndipo afunse makolo ao kumene afuna kuti citsulo cogwirira cikhomedwe, popeza ndiwo adziwa dzanja limene liri ndi mphamvu. Bafa lakale la citsulo limalemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo, motero pafunika amuna anai kuti alituruke nalo pakhomo. Asafulumire kuligulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Ku dimba limasunga madzi othirira ndiwo, malinga libvundikiridwe kuopa udzudzu ndi ana, ndipo ku famu ng'ombe ndi mbuzi zidzamweramo zaka zambiri.