ZA UKHONDO: ANA ASESA, AKULU ATAYA

Munthu woyenda m'makomboni a mu Lusaka mvula ili pafupi kugwa nthawi zina amakumana ndi gulu la ana a sukulu atanyamula masace, mafosholo ndi mawilibala. Aphunzitsi amakhala patsogolo, ndipo ana amafukula zinyalala m'ngalande ndi kuziunjika m'mbali mwa mseu. Pofika masana malo aja amakhala atayera. Koma wobwerera pamalo omwewo patapita masiku owerengeka amapeza mabotolo, mapepala a pulasitiki, makoko a nthoci ndi zitsononkho za cimanga zitadzazanso m'ngalande ija. Ambiri mwa amene amazitaya ndi akuluakulu, makolo a ana omwe aja anatuluka thukuta.

Ana a sukulu ali ndi cifukwa cacikulu cofunira kuti mzinda ukhale waukhondo, pakuti uve ukabala matenda iwo ndiwo amataya maphunziro. Kolera imene inabuka mu October 2017 inadwalitsa anthu oposa 5,000, ambiri a iwo a mu Lusaka. Mu January 2018 Boma linacedwetsa kutsegula masukulu, ndipo linatumiza asilikari kukayeretsa misika ndi miseu. Matendawa anabukanso mwamphamvu mu October 2023. Anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anatsegulidwa pa 12 February. Masabata asanu a maphunziro anapita ana ali cikhalire pakhomo, ndipo mwana wa Grade 12 amadziwa bwino kulemera kwace kwa masabata asanu.

Ena amafunsa kuti botolo lotayidwa m'ngalande ligwirizana bwanji ndi kolera. Kacirombo ka kolera kamakhala m'cimbudzi ca munthu wodwala, ndipo kamalowa m'thupi la wina kupyolera m'madzi kapena m'cakudya. Mbali yaikulu ya mzinda wa Lusaka iri pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu yambiri, ndipo m'malo monga Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri ndi nthaka ya pamwamba. Ngalande zikatsekeka ndi zinyalala, madzi a mvula amasowa kopita. Amasefukira m'mabwalo a nyumba, nadzaza zimbudzi zokumba, ndipo zonyansa zimalowa m'zitsime zosazama zimene anthu amatungamo madzi akumwa. Kotero mwana amene ali kucotsa pulasitiki m'ngalande ali kucinjiriza citsime ca pakhomo pao.

Nchito ya ana pa kusamala cilengedwe siinayambe lero m'dziko lino. M'caka ca 1972 bungwe losamala nyama za kuthengo la Wildlife Conservation Society of Zambia linayambitsa magulu a Chongololo m'masukulu a pulaimale. Magulu amenewa anali ndi magazini yao ndiponso pulogalamu ya pa wailesi, ndipo anaphunzitsa ana ambiri kudziwa mitengo, mbalame, nyama ndi kuipa kwa kutentha chire. M'caka ca 2007 Mtsogoleri wa dziko Levy Mwanawasa anakhazikitsa nchito yoyeretsa dziko yochedwa Keep Zambia Clean and Healthy, ndipo m'caka ca 2018, kolera itapha anthu, Mtsogoleri Edgar Lungu anaiutsanso. M'caka comweco Boma linaika lamulo loletsa matumba a pulasitiki opyapyala kwambiri. Ciphunzitso ca kusukulu cilipo, malamulo aliponso. Cimene cimasowa ndi khalidwe la akulu.

Ana angathe kusesa bwalo la sukulu, kukumba dzala, kubzala mitengo ndi kuithirira, kutola mapepala pa mseu ndi kukumbutsa azing'ono ao kusamba m'manja ndi sopo. Koma pali zina zimene mphamvu zao sizingafikepo. Mwana alibe galimoto lonyamula mulu wa zinyalala kupita nao ku dzala lalikulu la ku Chunga. Mwana sangamange cimbudzi pa msika, ndiponso sangalipiritse wamalonda amene amakhuthulira zotsala za malonda ace m'ngalande usiku. Mulu umene ana aunjika ukakhala pa mseu masabata awiri, agaru amaumwaza, mphepo imauulutsa, ndipo mvula yoyamba imaubwezera momwe unacokera. Ana amaona zimenezi, ndipo phunziro limene amatolapo ndi lakuti nchito yao inali yacabe.

Cifukwa cace khonsolo iyenera kudziwitsidwa tsiku loyeretsa lisanafike, kuti galimoto libwere tsiku lomwelo. Amalonda a pa misika ndi pa masitesheni a mabasi ayenera kukhala ndi thumba kapena mgolo wotayamo zinyalala pamalo ao a malonda. Makolo naonso atuluke ndi makasu ao tsikulo m'malo moonerera ali pakhonde, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Aphunzitsi ali ndi mbali yaonso. M'masukulu ambiri kusesa, kukwapula udzu ndi kutsuka zimbudzi ndi cilango ca mwana wocedwa kapena wacipongwe. Mwana wotere amakula ali ndi maganizo akuti tsace ndi la munthu wolakwa, ndipo akadzakhala ndi nchito ndi galimoto lace amataya botolo pa zenera poganiza kuti wina wonyozeka adzatola. Kuli bwino kuti nchito yoyeretsa igawidwe kwa onse mosinthana, ndipo mphunzitsi wamkulu naye agwire tsace pamaso pa ana. Ndiponso ana asatumidwe m'ngalande za madzi oipa opanda nsapato ndi magolovesi. M'zinyalala mumakhala mabotolo osweka ndi majakisoni otayidwa. Nthawi imene kolera yabuka, nchito ya m'ngalande isiyidwe kwa anchito a khonsolo okhala ndi zobvala zoyenera. Ana akamaliza nchito, apeze madzi ndi sopo ziri pafupi asanakhudze cakudya.

Akale anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo ndi zoona kuti mwana wozolowera ukhondo adzakhala mkulu waukhondo. Koma mwana amaphunzira kwambiri poona zimene akulu ace acita kuposa zimene alemba pa bolodi. Mvula idzagwanso caka cino monga mwa nthawi zonse, ndipo ngalande zimene ana afukula zidzayesedwa. Zikapezeka zotsekeka, mlandu sudzakhala wa ana a sukulu ai.