Mafilimu Anatiphunzitsa Kuopa Maloboti, Koma Mkangano Uli pa Ntchito ndi Malipiro

Kuyambira pa 30 Novembala 2022, pamene kampani ya ku America yotchedwa OpenAI inatulutsa pulogalamu ya ChatGPT, nkhani ya makina amene akuti amaganiza siikuchoka pakamwa pa anthu. Imakambidwa m'minibasi, m'malo ometera tsitsi, m'magulu a WhatsApp a miphakati, ngakhalenso pabwalo la tchalitchi Misa ikatha. Ena amati tsiku lina makinawa adzatigalukira n'kuyamba kutilamulira. Makolo ena amadandaula kuti mwana wawo watha ndi magemu a pafoni, pomwe ena amanyadira kuti popeza mwana wawo sachoka pa kompyuta, tsogolo lake lawala kale. Nawonso achinyamata amene akulemba mayeso a Fomu 4 akufunsa ngati kuli kwa phindu kukaphunzira za makompyuta, poti akumva kuti makina omwewo ayamba kudzilembera okha mapulogalamu.

Makatekisiti ndi atsogoleri a magulu a achinyamata amafunsidwa mafunso amenewa kawirikawiri, choncho ndi bwino kuona kumene maganizowa akuchokera. Tikamvetsera mofatsa, tipeza kuti ambiri a ife mantha athu tinawatenga m'mafilimu, ndipo mafilimuwo anatilozera koopa kolakwika.

Aliyense amene anakhalapo pa benchi la muvidiyo shoo akumukumbukira Arnold Schwarzenegger mu filimu ya The Terminator, imene James Cameron anaitulutsa m'chaka cha 1984. M'nkhani yake muli makompyuta a asilikali otchedwa Skynet, amene amadzazindikira okha kuti alipo, kenaka n'kuyambitsa nkhondo ya mabomba a nyukiliya pofuna kufafaniza mtundu wa anthu. Filimu ya The Matrix ya m'chaka cha 1999 inawonjezera za anthu ogonekedwa tulo ndi makina, akumalota moyo umene kulibe. Kale m'mbuyomo, mu 1968, filimu ya 2001: A Space Odyssey inaonetsa kompyuta yotchedwa HAL 9000 ikupha anthu amene inali nawo m'chombo cha mumlengalenga. M'nthano zonsezi makina ali ndi mtima, ali ndi chifuniro, ndipo amadana nafe.

Makina amene tili nawo lero sali choncho. Luso limene likutchedwa AI, kutanthauza nzeru zochita kupanga, limagwira ntchito powerenga mulu waukulu kwambiri wa zolemba za anthu, ndi kuphunziramo kuti mawu akuti amatsatidwa kawirikawiri ndi mawu ati. Munthu akalifunsa funso, limalumikiza mawu amodziamodzi amene akuoneka kuti akuyenerera, ndipo zotulukazo zimamveka ngati za munthu wophunzira. Koma kusiyanitsa choona ndi chonama silitsimikiza. M'chaka cha 2023 woweruza wina ku New York analipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa anapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, ndipo iwo sanafufuze ngati inachitikadi. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, chithunzi cha Papa Francisko atavala chijekete choyera chofufuma chinafalikira dziko lonse, ndipo akhristu ambiri anachitumiza kwa anzawo osadziwa kuti chinapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Pa nkhani ziwirizi palibe makina amene anagalukira munthu. Panali anthu amene anakhulupirira msanga.

Sitikunena kuti amene akuchenjeza za ngozi zam'tsogolo ndi opusa ayi. Geoffrey Hinton, mmodzi mwa akatswiri amene anayala maziko a lusoli, anachoka ku Google mu Meyi 2023 kuti azilankhula momasuka za zoopsa zake, ndipo mu 2024 analandira mphotho ya Nobel. Munthu wotere sitingamunyozere. Komabe chimene chili kale pakhomo ndi china, ndipo amene anayamba kuchiona bwino ndi anthu omwewo amene amatipangira mafilimu a maloboti.

Pa 2 Meyi 2023 olemba nkhani za mafilimu ku America, okwana pafupifupi 11,500 a m'bungwe la Writers Guild of America, anayamba kunyanyala ntchito, ndipo anakhala masiku 148. Pa 14 Julayi bungwe la ochita zisudzo la SAG-AFTRA, limene lili ndi mamembala pafupifupi 160,000, nalonso linalowa m'kunyanyalako kufikira pa 9 Novembala. Mabungwe awiriwa anali asananyanyalepo limodzi chichokere 1960. Madandaulo anali angapo, makamaka a malipiro a mafilimu oonetsedwa pa intaneti, koma nkhani ya AI inali pakatikati. Olemba ankaopa kuti makampani azidzauza makina kuti alembe nkhani, kenaka n'kuitana munthu kuti angoikonza pa malipiro ochepa. Ochita zisudzo ankaopa kuti nkhope ndi mawu a munthu zidzajambulidwa tsiku limodzi, iye n'kulipidwa za tsiku limodzilo, koma chifaniziro chake n'kumagwiritsidwa ntchito zaka zambiri iye osalandira kanthu.

Pomaliza anagwirizana kuti zolembedwa ndi makina zisawerengedwe ngati ntchito ya mlembi, kuti mlembi asakakamizidwe kugwiritsa ntchito AI, kuti kampani iziulula ngati zimene yam'patsa zachokera ku makina, ndiponso kuti chifaniziro cha wochita zisudzo chisapangidwe popanda chilolezo chake ndi malipiro. Taonani kuti mu zonsezi mulibe mawu oti makina aphwanyidwe. Mkangano unali pakati pa olemba ntchito ndi olembedwa ntchito, ndipo funso linali lakalekale lija: kodi phindu la chida chatsopano lipita m'thumba la yani?

Ku magemu zinachitikanso chimodzimodzi. Ambiri a ife timawaona ngati zoseweretsa za ana, chonsecho malonda ake pa dziko lonse amabweretsa ndalama zochuluka kangapo kuposa matikiti onse a m'nyumba zoonetsera mafilimu. Mu Okutobala 2023 kampani ya Microsoft inamaliza kugula Activision Blizzard, imene imapanga gemu ya Call of Duty, pa mtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni, ndipo patangopita miyezi itatu inachotsa ntchito anthu 1,900 m'gawo lake la magemu. Anthu amene amapereka mawu ndi mayendedwe a thupi kwa otchulidwa m'magemu ananyanyala ntchito kuyambira mu Julayi 2024 mpaka mu Juni 2025, pa nkhani yomwe ija ya chilolezo ndi malipiro.

Nanga dandaulo la makolo loti magemu akuononga ana? Lili ndi maziko, koma limafunika muyeso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kusewera magemu mosadziletsa ndi matenda, koma linaikapo malire omveka: munthu alephere kudzigwira, aike gemu patsogolo pa sukulu, ntchito ndi abale, apitirize ngakhale akuona kuti zikumuononga, ndipo zimenezi zikhale zitatenga nthawi, kawirikawiri miyezi 12. Mwana amene wasewera mpira wa pa PlayStation ndi anzake Loweruka masana si wodwala. Dziko la China linasankha lamulo, ndipo mu 2021 linalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi. Carlo Acutis, mnyamata wa ku Milan amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15 ndipo anaikidwa m'gulu la oyera pa 7 Seputembala 2025, ankakonda magemu ndipo anadziphunzitsa kupanga masamba a pa intaneti, koma zimanenedwa kuti malire a nthawi yosewera anadziikira yekha. Apa tiwonjezeko chinthu chimodzi chimene makolo ambiri kuno kwathu amasokoneza: kandege kaja ka pafoni si gemu ayi, ndi juga, ndipo mwana amene wazolowera kuikamo ndalama ali pa vuto losiyana ndi la mnzake wosewera mpira.

Maganizo ena aja, oti mwana wokonda foni ndiye katswiri wa makompyuta wa mawa, ndi osocheretsa koposa. Kudziwa kudina sikutanthauza kudziwa kupanga, monga mmene kukwera basi tsiku lililonse sikusandutsa munthu kukhala makaniko. Ntchito ya makompyuta imalira masamu, kuwerenga modekha, ndi kupirira pofufuza cholakwika chimodzi kwa maola ambiri.

Tsono tibwere ku funso la achinyamata. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri, malangizo anali amodzi: phunzira makompyuta, sudzasowa ntchito. Kenaka kunabwera mbiri zina. Mu Novembala 2022 kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, inachotsa anthu 11,000. Mu Januwale 2023 Google inalengeza zochotsa 12,000, Microsoft 10,000, Amazon 18,000. Anthu ambiri anafulumira kunena kuti makina alanda ntchito, koma chifukwa chachikulu pa nthawiyo chinali china. Makampaniwa analemba anthu ochuluka m'nyengo ya Covid-19, pamene sukulu, malonda ndi misonkhano zinasamukira pa intaneti, ndipo mliri utachepa, chiwongoladzanja cha ngongole chitakwera, anayamba kudula. N'zoona kuti chichokere nthawiyo mapulogalamu a AI afika polemba bwino zigawo zosavuta za mapulogalamu ena, ndipo ntchito zotere ndi zimene kale ankapatsidwa ongoyamba kumene. Pamenepa nkhawa ya wophunzira ndi yomveka.

Koma maulosi a akuluakulu a makampani tiziwamva mosamala. Mu Febuluwale 2024, pa msonkhano wa ku Dubai, mkulu wa kampani ya Nvidia, Jensen Huang, ananena kuti ana sakufunikanso kuphunzira kulemba mapulogalamu chifukwa makina azidzamva chilankhulo cha munthu. Tisaiwale kuti kampani yake ndi imene imagulitsa tizipangizo timene makinawo amayendera, ndipo wogulitsa nsomba sanena kuti nsomba zake zaola. Hinton yemwe uja ananena mu 2016 kuti kuphunzitsa madokotala owerenga zithunzi za X-ray kulekeke, poti makina awaposa posachedwa; zaka zapitapo, ndipo zipatala zikuwafunabe madokotalawo. Pa 19 Julayi 2024 cholakwika chimodzi m'pulogalamu ya kampani ya CrowdStrike chinazimitsa makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni, ndege zambiri zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonekera, ndipo m'malo ambiri panafunika munthu kupita pa kompyuta iliyonse kukaikonza ndi manja.

M'kuona kwathu, wachinyamata amene akuganiza zokaphunzira za makompyuta ku MUBAS, ku MUST kapena ku sukulu ina asabwerere m'mbuyo, koma asapite chifukwa chongomva kuti kuli ndalama. Chimene chikutsika mtengo ndi kulemba chabe zimene wauzidwa. Chimene chikufunikabe ndi munthu wodziwa kuona ngati zimene makina atulutsa zili zolondola, wodziwa kuteteza ndalama za anthu za pafoni kwa akuba, wodziwa kusamala netiweki ya chipatala magetsi akamazimazima, ndiponso womvetsa ntchito ina yeniyeni monga ulimi, umoyo kapena kuwerengera chuma, imene kompyutayo ikutumikira. Makinawa anaphunzira kwambiri kuchokera ku zolemba za Chingerezi, ndipo pa Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao amapunthwa kawirikawiri. Ntchito yokonza zimenezi sidzagwiridwa ndi munthu wa ku California.

Mpingo nawonso waiona nkhaniyi ngati ya anthu apantchito osati ya maloboti. Papa Leo XIV atasankhidwa pa 8 Meyi 2025, anafotokozera makadinala kuti dzinali analisankha makamaka pokumbukira Papa Leo XIII, amene m'kalata yake ya Rerum Novarum ya mu 1891 anateteza ogwira ntchito m'mafakitale, ndipo anati AI yabweretsanso mafunso a ulemu wa munthu, chilungamo ndi ntchito.

Ndipo pali antchito ena amene mafilimu sawaonetsa. Kuti pulogalamu ngati ChatGPT isamatulutse zotukwana ndi zankhanza, pamafunika anthu oti awerenge zolemba zonyansa zambirimbiri ndi kuziika zizindikiro, kuti makina aphunzire kuzipewa. Mu Januwale 2023 magazini ya TIME inaulula kuti ina mwa ntchito imeneyi inagwiridwa ku Nairobi, m'dziko la Kenya, kudzera ku kampani yotchedwa Sama, ndipo ogwira ntchitoyo ankalandira ndalama zosaposa madola awiri pa ola. Ankawerenga tsiku lonse nkhani za kupha, kuzunza ndi kugwirira ana, ndipo ena anafotokoza kuti zinawasokoneza maganizo. Imeneyinso ndi ntchito ya makompyuta, ndipo ndi mtundu umene umafika msanga kwa wachinyamata wa ku Africa wodziwa Chingerezi amene akusowa pogwira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: ngati mwana wa m'mphakati mwathu wapeza ntchito ya pa intaneti yolipidwa m'madola, ndi bwino kumufunsa chimene akuwerenga kapena kuonera tsiku lonse, amene wamulemba ntchito, ndiponso ngati pali pepala la mgwirizano.

Olemba a ku Hollywood anapambana chifukwa anali ndi bungwe lakale ndi lamphamvu. Anzawo a ku Nairobi analibe. Pa 1 Meyi 2023, tsiku la Yosefe Woyera Mmisiri, kutatsala tsiku limodzi kuti kunyanyala kwa ku America kuyambe, anthu oposa 150 amene ankagwira ntchito yosefa zonyansa za Facebook, TikTok ndi ChatGPT anasonkhana mumzinda wa Nairobi ndi kuvomereza kukhazikitsa bungwe lawo la apantchito.