Matenda a pa masamba: kodi kupopera kopa kokha n'kokwanira?

Mvula ikangokhazikika, alimi a fodya ku Kasungu ndi a matimati ku Ntcheu amayamba kuona madontho pa masamba a mbewu zawo, ndipo ambiri amathamangira kupopera mankhwala a kopa. Komatu mabakiteriya osamva kopa anapezeka kale m'minda ya ku America m'zaka za m'ma 1980. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri akufufuzira njira ina: kusokoneza mauthenga amene tizilomboti timatumizirana.

Bakiteriya wa Pseudomonas syringae, amene amayambitsa matenda a wildfire pa fodya ndi madontho pa matimati, amatha kukhala pamwamba pa tsamba osaononga mbewu. M'mitundu ina ya bakiteriyayu, kachilombo kalikonse kamatulutsa mankhwala pang'ono. Tizilombo tikachulukana, mankhwalawo amachulukanso, ndipo tonse timazindikira kuti takwana. Pamenepo m'pamene timayamba kuchita zinthu mogwirizana. Asayansi amatchula zimenezi kuti quorum sensing.

Mbewu nayo imadziteteza. Mu 2006, ofufuza a ku Michigan State University anaonetsa kuti tsamba likazindikira bakiteriya limatseka timabowo take topumira. Koma bakiteriya wa pa matimati amatulutsa coronatine, mankhwala ofanana ndi uthenga wa m'thupi mwa mbewu yomweyo, ndipo timabowoto timatsegukanso, tizilombo n'kulowa.

Umboni woti mauthengawa angasokonezedwe ulipo. Mu 2001, akatswiri a ku Singapore anaika mu fodya ndi mbatatesi mphamvu yochokera kwa bakiteriya wa Bacillus, yoononga uthenga wa bakiteriya woolesa mbewu, ndipo mbewuzo zinapirira matendawo. Ubwino wake ndi woti tizilombo sitiphedwa koma timangolephera kumvana.

Njirayi sinafike m'masitolo a zipangizo zaulimi, choncho kopa akhalabe chida cha mlimi kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake mabungwe ofufuza monga ARET ndi Chitedze akuyenera kuyeza ngati kopa akugwirabe ntchito m'minda ya m'dziko muno, alimi asanataye ndalama pa mankhwala ofooka.

Pakadali pano, mlimi akhoza kuletsa tizilomboti kuchulukana. Timafala ndi madontho a mvula komanso manja ndi zovala za wogwira ntchito m'munda wonyowa. Kusamala nazale, kusathithikiza mbewu, kuchita kasinthasintha ndi kudikira kuti mame aume asanalowe m'munda ndi njira zosalira ndalama zambiri, pomwe tsamba la fodya lamadontho limatsika mtengo ku okushoni.