KHOMA LA NYUMBA LIMAPHUNZITSA ANA

Mlendo akaloŵa m'nyumba, asanapatsidwe ngakhale madzi akumwa, maso ake amayamba ayenda pa khoma. M'nyumba zambiri za m'boma la Phalombe, kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa, iye amaonapo kalendala ya chaka chatha imene inasiyidwa chifukwa cha kukongola kwa chithunzi chake, satifiketi ya mwana, mawu a chipembedzo, kapenanso nkhope za oseŵera mpira a ku England. Mwana wa m'nyumbamo amaziona zimenezi m'maŵa ndi madzulo kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale palibe womufotokozera, amaphunzirapo kanthu.

Kumaiko a ku Ulaya ndi ku America kuli chizoloŵezi chokongoletsa makoma ndi zithunzi zakale zimene zinkalengeza kanema wa nthano za sayansi. Nthano zimenezi zimasimba za maulendo a kumwezi, za makina oyenda ndi kuganiza ngati munthu, ndi za mizinda ya m'tsogolo. Zithunzizo tsopano zili ponseponse pa intaneti, kotero kuti mnyamata wa ku Phalombe wokhala ndi foni angathe kutenga chimodzi nakachisindikizitsa pa pepala lalikulu. Chinthu chikafika pa foni sichichedwa kufika pa khoma. Nchifukwa chake nkoyenera kuti aphunzitsi ndi achinyamata amene atsiriza sukulu adziŵe chimene zithunzi zimenezi zili, chimene zimanena, ndi chimene zimasiya osanena.

Poyamba zithunzizi sizinali zokongoletsera nyumba ayi. Zinali zikwangwani za malonda, zomatidwa pa khomo la nyumba ya kanema kwa masabata oŵerengeka, kenaka nkuzing'amba ndi kuzitaya. Zochepa zokha ndizo zinapulumuka, ndipo kuchepa kwakeko ndiko kunazikweza mtengo. Chitsanzo ndi chithunzi cholengeza Metropolis, kanema amene Fritz Lang anapanga ku Germany m'chaka cha 1927. Anachijambula ndi Heinz Schulz-Neudamm, ndipo chimaonetsa nkhope ya chitsulo ya loboti wamkazi, kumbuyo kwake kuli nyumba zosanjikana mpaka kumitambo. Mwa zithunzi za mtundu wake zodziŵika kuti zilipo ndi zinayi zokha, ndipo chimodzi chinagulidwa m'chaka cha 2005 pa mtengo wa madola 690,000.

Apa pali chenjezo loyamba. Chimene chinagulidwa ndi ndalama zambiri chotero ndi pepala lenilenilo la mu 1927. Chithunzi chomwecho chosindikizidwa lero mtengo wake ndi wa pepala ndi inki basi, ndipo chidzakhala chotero mpaka chidzasuluke. Wogulitsa amene akunena kuti chithunzi chake nchakale ndipo chidzalemeretsa wogula ayenera kufunsidwa bwino. Paja akulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Wofuna kupachika chithunzi chotere achipachike chifukwa chamkondweretsa, osati chifukwa akuyesa kuti wasunga chuma.

Phindu lake lenileni lili pena. Chithunzi chilichonse cha mtundu uwu ndi umboni wa zimene anthu a nthaŵi imeneyo ankaopa ndi zimene ankalakalaka. Metropolis amasimba za mzinda umene olemera amakhala pamwamba podya bwino, pamene antchito amavutika ndi makina pansi pa nthaka. Imeneyi inali nkhaŵa ya anthu a ku Germany pa zaka zimene mafakitale ankakula. Ku Japan m'chaka cha 1954 kunatuluka kanema wa Godzilla, chilombo chachikulu chotuluka m'nyanja ndi kuphwanya mzinda wa Tokyo. Chilombocho m'nthanomo chinadzutsidwa ndi mabomba a atomu, ndipo anthu oona kanemayo anali omwe aja amene mizinda yawo ya Hiroshima ndi Nagasaki inapserezedwa mu 1945. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho cha 1954 asodzi a ku Japan anadwalitsidwa ndi phulusa la bomba limene America inaphulitsa pa zilumba za Bikini. Tsono mphunzitsi wa mbiri yakale amene ali ndi chithunzi cha Godzilla pa khoma la kalasi ali ndi poyambira phunziro la nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ndi zotsatira zake.

Komatu chikwangwani cha malonda chimanamanso. Chithunzi cholengeza Forbidden Planet, kanema wa ku America wa mu 1956, chimaonetsa loboti wotchedwa Robby atanyamula mkazi wokomoka ngati kuti wamgwira ukapolo. M'kanemamo zimenezi mulibe, ndipo lobotiyo ndi wantchito wofatsa amene sangavulaze munthu. Ojambula anaika mkaziyo kuti akope anthu ogula matikiti. Mkazi wokomoka m'manja mwa chilombo amapezeka pa zithunzi zambiri za zaka za m'ma 1950, pamene woyendetsa chombo ndi wodziŵa sayansi kaŵirikaŵiri amakhala mwamuna. Nkovutanso kupeza pa zithunzi za zaka zimenezo munthu wakuda ali m'gulu la opita ku nyenyezi. Mtsikana wa Fomu 2 amene akukula ndi chithunzi chotere pa khoma, popanda womthandiza kuchifunsa mafunso, angathe kuphunzira mwakachetechete kuti tsogolo ndi la ena ndipo iye ntchito yake ndi kunyamulidwa.

Kodi nanga kuno kwawo kwa mtsikanayo, zithunzi za kanema zinali kuti? Nyumba zenizeni zoonetsera kanema m'Malaŵi zinali zochepa ndipo zinali m'mizinda. Kanema aliyense ankayenera kuloledwa ndi bungwe la boma lounika zoonetsedwa, potsata lamulo la mu 1968, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Kwa anthu a kumidzi kanema anafika makamaka kudzera m'tinyumba ta vidiyo ta pa misika, tokhala ndi mabenchi, jeneleta ndi chinsalu chotchinga pakhomo. Chikwangwani chake chinali bolodi lolembedwa ndi choko, nthaŵi zina ndi chikuto cha kaseti chokhomedwa pambali. Choko chinkafufutidwa madzulo, ndipo panalibe chotsala choti mdzukulu adzaone.

Ku Ghana zinthu zinayenda mosiyana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'zaka za m'ma 1990, eni vidiyo oyenda m'midzi ndi jeneleta ankalemba ganyu akatswiri a penti kuti awajambulire zikwangwani pa matumba a ufa osokedwa pamodzi. Matumba anasankhidwa chifukwa anali otsika mtengo, olimba, ndipo ankatha kupindidwa pa ulendo. Ojambulawo, monga Joe Mensah, sankangokopera za Azungu. Ankawonjezera za m'mutu mwawo, nthaŵi zina asanaone nkomwe kanemayo. Lero zikwangwani za pa matumbazo zimaonetsedwa m'nyumba za zaluso za ku Ulaya ndi ku America, ndipo anthu amazigula kuti akakongoletse makoma awo. Anthu amene anajambula mwa njira yawoyawo, ndi zipangizo zimene anali nazo, ndi amene dziko likuwafuna tsopano.

Kuti chithunzi chingathe kusintha moyo wa mwana wosiya sukulu, umboni wake uli m'Malaŵi momwe muno. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analephera kupitiriza sekondale chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002. M'laibulale yaing'ono anapeza buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy, ndipo pa chikuto chake panali chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, koma zithunzi anazimva. Ndi zidutswa za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu anamanga makina amene anayatsa magetsi pa khomo la makolo ake. Mbiri yake inalembedwa m'buku mu 2009, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anaisandutsa kanema wotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, m'mene Chicheŵa chimamveka kwambiri. Kamkwamba sanangochisirira chithunzi chija. Anachifunsa kuti chinthu chimenechi chimagwira ntchito bwanji, ndipo chingathandize bwanji ku Wimbe.

Funso lomwelo ndilo likufunika ku Phalombe, pakuti boma limeneli lili ndi zoopa zake ndi zolakalaka zake. M'mwezi wa Malichi 1991 madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwerezanso tsokalo, nagwetsa nyumba, kukokolola minda ndi kudula milatho. Nyanja ya Chilwa, imene asodzi ambiri a m'bomali amadalira, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Makolo anali ndi dzina la mphamvu imene imang'amba phiri ndi kutsika ndi madzi. Ankati ndi Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chikamasamukira kunyanja chimasesa zonse za m'njira. Monga anthu a ku Japan anapatsa mantha awo thupi la chilombo kuti athe kuwayang'ana ndi kuwakamba, makolo a kuno anachita zomwezo kalekale. Steve Chimombo anamtenga Napolo namuika m'ndakatulo zimene zinasindikizidwa mu 1987. Wojambula amene angamuike pa nsalu mwaluso, molemekeza amene anataya abale awo, adzakhala atapereka kwa ana chithunzi choyambira phunziro la mvula, mitengo ndi nthaka ya m'mapiri.

Nthano za sayansi nazonso si za Azungu okha. Shadreck Chikoti analemba buku lotchedwa Azotus the Kingdom, losimba za Afirika wa zaka mazana asanu m'tsogolomo, ndipo linatuluka mu 2015. Ngati mlembi wa ku Malaŵi anatha kuona tsogolo ndi cholembera, wojambula wa ku Phalombe angathenso kuliona ndi burashi.

Kwa aphunzitsi, ntchito yake si yofuna ndalama zambiri. Chithunzi chimodzi chakale chipachikidwe m'kalasi, ndipo pansi pake palembedwe dzina la kanema, chaka ndi dziko. Ana afunsidwe kuti anthu amene anachijambula ankaopa chiyani, ndani ali patsogolo, ndani akusoŵa, ndipo mwa zimene analota ndi ziti zinachitikadi. Adzaona kuti ulendo wa kumwezi, umene Georges Méliès anauseŵera ngati nthabwala m'kanema wa mu 1902, unachitika mu 1969, pamene magalimoto ouluka m'misewu ya mizinda akadali pa pepala. Pambuyo pake mwana aliyense apatsidwe pepala, makala kapena utoto wa dothi, ajambule Phalombe wa zaka 50 zikudzazo. Wina adzajambula Michesi wodzaza mitengo, wina Michesi wadazi. Wina adzaonetsa Chilwa muli mabwato, wina muli fumbi. Kuti ajambule mlatho umene sungakokoloke, mwanayo adzayenera kufunsa chimene chinagwetsa woyamba uja, ndipo pamenepo phunziro la zaluso lakumana ndi la sayansi. Zithunzi zabwino zipachikidwe pambali pa chakunjacho, zokhala ndi maina a eni ake. M'mera mpoyamba.

Kwa achinyamata amene atsiriza Fomu 4 ndipo akudikira ntchito, nkhani ya ku Ghana ikhale yowatsegula maso. Golosale iliyonse, malo ometera, chigayo ndi nyumba yoonetsera mpira zimafuna chikwangwani, ndipo kulemba zikwangwani ndi ntchito yodyetsa munthu. Zithunzi zakale za kanema ndi sukulu yaulere ya ntchito imeneyi. Zimaphunzitsa kusanja malembo kuti aŵerengeke patali, kusankha mitundu iŵiri kapena itatu yogwirizana, ndi kuika chinthu chimodzi pakati kuti diso lisasochere. Wophunzira atengeko luso limeneli, koma nkhope, mapiri ndi nkhani zikhale za kwawo. Chithunzi chongokopera aliyense angachipeze pa foni, pamene chithunzi cha Michesi wa maŵa palibe kwina kumene chingachokere.

Mabanja ambiri ku Phalombe anamanganso nyumba zawo pambuyo pa Freddy, ndipo khoma latsopano limafuna chopachikapo. Chithunzi cha loboti wa ku Germany kapena chilombo cha ku Japan chili ndi malo ake pamenepo, malinga ngati mwini nyumba angathe kuuza mwana chaka chake ndi tanthauzo lake. Koma pambali pake pasiyidwe msomali wina wa chithunzi chojambulidwa ndi mwana wa m'nyumbamo, choonetsa mudzi wake monga akufuna kudzauona atakula.