Uthenga wa pa lamya uli ndi muyeso wake

M'zaka za 2008 ndi 2009 matenda a kolera adapha anthu opitirira 4,000 m'dziko la Zimbabwe, ndipo Budiriro ndi Glen View, mumzinda wa Harare, ndi ena mwa madera amene adazunzika koposa. Nthawi ya mliri wotere pepala la malangizo silifikira aliyense. M'makomboni a Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara muli agogo amene adachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito, ndipo ena mwa iwo sadapiteko kusukulu. Otere amafunika kuwalankhula pakamwa.

Bungwe la Kubatana, lomwe lidayamba mu 2001 mu Harare momwemo, lidaona kuti lamya ya m'manja ingagwire ntchito ya wailesi, pakuti masiku amenewo wailesi zonse zokhala ndi chilolezo zidali za boma. Mu 2008 bungweli lidapata mphoto ya Knight News Challenge yopangira pulogalamu ya Freedom Fone. Munthu ankaimba nambala, kompyuta nkuyankha, iye nkudina batani la nkhani imene akufuna kumva, kapenanso kusiya uthenga wake.

Chimene chimapunthwitsa alangizi ambiri pa ntchito yamtunduwu si luso lolankhula ayi, koma mtundu wa failo. Mafoni akale ankasunga mawu mu AMR, timakina tojambulira mawu timakonda MP3, ndipo mauthenga a pa WhatsApp amakhala mu Opus. Makina oyankha lamya nthawi zambiri amafuna WAV ya njira imodzi, yotchedwa mono, yoyezedwa maulendo 8,000 pa sekondi. Nyimbo ya pa CD imayezedwa maulendo 44,100 pa njira ziwiri, choncho mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB, pomwe mphindi ya pa lamya siyikwana ndi 1 MB yomwe. Failo ya muyeso wolakwika makina ena amaikana, ena amaiseweretsa mokoka mawu ngati kaseti ya mabatire otha.

Kusintha sikovuta. Pulogalamu ya Audacity ndi yaulere: mlangizi amatsegula failo, amaphatikiza njira ziwiri zija kukhala imodzi, amatsitsa muyeso kufika pa 8,000, nkusunga ngati WAV. Failo yoyambirira isafufutidwe. MP3 ndi AMR zimachepetsa failo potaya tizigawo ta mawu, ndipo chotayika sichibwerera ngakhale failo itasandutsidwa WAV. Kusintha failo yosinthidwa kale kuli ngati kuchita fotokope ya fotokope inzake.

Palinso china chimene pulogalamu singakonze. Lamya wamba imadutsitsa mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz okha, pomwe mbali yaikulu ya liwu la "s" ili pamwamba pa malire amenewa. Nchifukwa chake "s" ndi "f" zimamveka mofanana. Ku Harare iyi si nkhani yoseketsa chabe: "sambani" wa Chichewa angamveke ngati "fambai" wa Chishona, kutanthauza kuti yendani. Wolankhula bwino amamaliza chiganizo chonse, kuti sambani m'manja ndi sopo, ndipo manambala amawatchula kawiri. Thanzi wopangira panyumba amene amaphunzitsidwa ku Zimbabwe ndi madzi owiritsa okwana 750 ml, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mayi akamva mosemphanitsa shuga ndi mchere, mwana wodwala uja wamuika pachiswe.

Nyimbo zoyimba pansi pa mawu, zimene opanga mapulogalamu a wailesi amazikonda kwambiri, pa lamya zimangosokosa. Ndi bwino kuzichotsa. Uthenga ukhalenso waufupi, popeza nthawi zambiri woimba ndiye amalipira mayunitsi.

Mayeso omaliza sachitikira pa kompyuta. Failo ikalowetsedwa m'makina, mlangizi atenge kafoni kotchipa ka mabatani, apite pamalo aphokoso monga pamsika wa Mbare Musika, aimbe nambala ija, apereke foniyo kwa munthu wachikulire amene sadamvepo uthengawo, kenaka amupemphe kuti anene zimene wamva.